Mchere wa Pagolo ndi Dzina la Mwana Wanga

Sonapur, Muhaisnah,
Dubai.
18 Meyi 2025.

Okondedwa achimwene a Kizito,

Ndiyankheni funso limodzi tisanafike pa moni. Munthu amene simunamuonepo nkhope, amene simunamvepo ngakhale kutsokomola kwake, mungamuweruze ndi chala chimodzi pa foni? Pajatu n'zimene mwachita. Ndidakutumizirani dzina la mwana wanga kutatsala mwezi kuti abadwe. Ndidati akadzatuluka m'chikuta, ngati ali wamwamuna, mudzamutche Fintan. Inu mwafufuza dzinalo pa foni, mwawerenga zachingerezi zanuzo, mwapeza kuti mwini dzina ndi kochi wa mpira amene adachotsedwa ntchito kasanu, basi mwauza mkazi wanga Theresa kuti mwana wa m'banja mwathu sangasenze dzina la munthu wolephera. Lero m'buku la kusikelo mwalembedwa Abraham, ndipo ndamva kuti lomwelo mwaperekanso kwa akatekisiti pokonzekera ubatizo wa pa 8 Juni.

Moni tsopano. Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwayambanso, ukatuluka m'basi ya kampani umangokhala ngati walowa mu uvuni wa njerwa. Ndalemba kalata chifukwa Theresa akuti ndikamatumiza mawu pa foni ndimakalipa, ndipo inu mumazimitsa ndisanamalize. Pepala silikuwa. Mabel wa kwa Kaphuka, amene amalera ana kunyumba ina ku Hor Al Anz, akubwera kutchuthi Lachitatu, ndiye akupatsirani pamanja.

Udindo wanu sindikuukana. Bambo adatisiya, wotchula dzina ndinu. Ndinunso mphunzitsi, ine ndidalekera Sitandade 6. Koma kandimverere adakanena za m'maluwa, achimwene. Foni yakuuzani kuti kasanu, sinakuuzeni kuti kachisanuko adachotsedwa chifukwa cha mng'ono wanu. Izi sindinauzepo munthu kumudziko, ngakhale Theresa. Khalani pansi muwerenge.

Choyamba, ntchito yanga. Ndinkakuuzani kuti ndimathandiza pa timu ya mpira, inu n'kumaganiza kuti ndimakhala pabenchi nditavala jekete. Ayi. Ine ndi wa udzu. Ndimatchetcha, ndimathirira, ndimajambula mizere yoyera. Palibe adandiphunzitsa kusukulu. Ndidaphunzira poyang'ana manja a mkulu wina wa ku Pakistan amene adalipo ndisanabwere, ndi pokumba dothi ndi chala kuti ndimve ngati lamwa. Kumeretsa udzu pamchenga wa kuno si masewera, ndipo bwalo langa, ngakhale timu yathu ili m'ligi yaing'ono, alendo amalijambula. Sindichita nazo manyazi.

A Fintan ndidakumana nawo ndi mkwiyo, monga mundidziwira. Unali m'mawa wa mu Ogasiti chaka chatha, ndangomaliza mzere wa pakati, penti asanaume. Ndikuona mzungu wamtali, wofiira ngati tomato, akutsimphina mwendo wamanzere, akuyenda pamzere wanga ngati akuyenda m'khonde mwa amake. Ndidataya chitini.

"Iwe! Maso ulibe? Yalla, choka pamenepo!"

Mwenda, mnzanga wa ku Chipata amene amachapa majezi, adandithamangira akugwira mutu. "Ba Luckson, mwafuntha? Uyo ni kochi watsopano! Manje mwadya nchito."

Mzungu uja adayang'ana nsapato zake zoyera penti, adayang'ana mzere, kenako adavula nsapatozo n'kutuluka m'bwalo ndi masokosi okha. Atafika panja adati, "Pepani, bwana. Bwalo ndi lanu kufikira oyimbira ataliza wezulo." M'mawa mwake adabwera ndi makapu awiri a tiyi wamkaka, imodzi n'kundipatsa. Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse osewera asanabwere, tinkayenda limodzi kuchokera golo ili kukafika golo linalo, iwo akutsimphina, ine ndikuzula tchire. Mbiri imene inu mwaiwerenga m'mizere isanu ine ndidaimva poyenda choncho miyezi isanu ndi umodzi, m'Chingerezi changa chothyokachi ndi chawo chothamanga ngati cha munthu wothawa mvula.

Adabadwira m'katauni ka asodzi kumadzulo kwa Ireland, kumene akuti mvula imagwa chopingasa. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi adakwera sitima kupita ku England kukayesa mwayi. Mukamva England musaganize za matimu amene mumaonera pa shopu ya kanema pa Bembeke paja. Inali timu ya pansi, ndipo zaka ziwiri zoyamba ntchito yawo inali kupukuta nsapato za akuluakulu ndi kukolopa mosambira. N'chifukwa chake sadutsa munthu wogwira tsache osamupatsa moni. Adasewera kumbuyo zaka khumi ndi chimodzi, nambala faifi, wodumpha mitu. Akuti zigoli zimene adagoletsa moyo wawo wonse ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ziwiri mwa izo adagoletsa kwawo komwe. Amaseka okha akamanena. Bondo lidathyoka ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, pabwalo lamatope, tsiku loti kunalibe ngakhale wojambula. Adabwerera kwawo ndi ndodo ziwiri, n'kuyamba kuyendetsa galimoto yogawa buledi.

Foni yanu idakuuzani za buledi? Zaka zisanu ndi zitatu ankagawa buledi m'mawa, madzulo n'kukaphunzitsa timu ya m'tauni yakwawo, ya anthu opala nsomba ndi omanga nyumba. Timu imeneyo adaikweza mpaka m'ligi yaikulu ya dzikolo, ndipo chaka china idatsala masewera amodzi kuti ifike ndime yotsiriza ya chikho. Patapita zaka ziwiri matimu olemera adatola osewera ake onse abwino, timu idayamba kugonja, eni ake n'kuwauza a Fintan kuti zikomo, pitani. Kuchotsedwa koyamba n'kumeneko. Ngati uko n'kulephera, ndiye kuti mlimi amene mbuzi za eni zamudyera chimanga nayenso ndi waulesi.

Sindikunena kuti ndi mngelo. Kwachiwiri adalakwa okha, ndipo amavomera. Adatukwana wapampando wa timu pamaso pa atolankhani, chifukwa ankawasankhira osewera. Adandiuza kuti mawuwo anali oona koma pakamwa padanunkha mowa, ndipo kuyambira chaka chimenecho sadalawenso. Kwachitatu timu idatuluka m'ligi ili m'manja mwawo, palibe chobisa. Kwachinayi anali wachiwiri kwa kochi wina ku England, mkuluyo atachotsedwa iwo adapatsidwa mpando wake, adakana, n'kutuluka naye limodzi. Ndidawafunsa chifukwa chake. Adati, "Adanditenga nditabwereranso pa buledi. Ndikanakhala bwanji pampando wake usanazizire?"

Tsiku lina tikuyenda adandifunsa mwadzidzidzi kuti, "Luckson, iwe umaonera masewera onse uli kuseri kwa golo. Ukuona chiyani chimene ine sindiona?"

Inu mukudziwa kuti ine sindidziwa kukulunga mawu. Ndidati, "Nambala folo wanu ndi waulesi. Mpira ukapita kumanzere amayenda ngati akupita kumaliro. Ndipo goloboyi wanu amaopa anthu aatali."

Adaima, adandiyang'ana, kenako adaseka mpaka kugwira bondo. "Anthu atatu amalipidwa kuti andiuze zimenezi, ndipo onse amandiuza kuti zonse zili bwino, inshallah." Loweruka lotsatira nambala folo adakhala pabenchi. Achimwene, zaka zinayi ndili kuno, palibe adandifunsapo chimene ndikuona. Amandifunsa ngati ndamaliza.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa.

Chaka chino chitangoyamba timu idagonja masewera asanu ndi limodzi motsatizana. Mpira unkamenya chitsulo, unkadutsa pamzere osalowa, zinthu zosamveka. A Fintan adaonda. Tiyi ankabwera nayebe, koma tinkayenda osayankhula. Mwenda adamva m'chipinda chosinthira kuti akuluakulu a timu awapatsa mpaka kutha kwa ligi, zikapanda kusintha, khalasi, monga anenera kuno, ntchito yatha. Ine mtima unkandipweteka, ndipo m'mutu mwanga mudabwera nzeru imodzi yokha, ya kwathu: golo ili lamangidwa.

Musakweze nsidze, aphunzitsi. Kodi si inu amene munkandituma ndi kathumba ka mchere kukawaza pagolo, tsiku loti timu ya sukulu yanu isewere ndi a ku Linthipe? Simunkati mchere umasungunula zimene adani akwirira? Sindikukupatsani mlandu, ndinali ndi zaka khumi nthawi imeneyo ndipo lero ndili ndi makumi atatu ndi zinayi. Ndikungokukumbutsani kumene ndidaphunzira.

Lachisanu masana, anthu onse atapita kumzikiti, ndidatenga mchere wa makilogalamu asanu, ndidawaza pamagolo onse awiri kuchokera chitsulo ichi kufika icho. Patsinde pa chitsulo chimodzi ndidakwirira singano yokulunga m'kansanza kakuda, monga tinkachitira. Ine, munthu wa udzu, amene ndimadziwa bwino lomwe chimene mchere umachita ku mizu! Kwathu timawaza pafumbi, palibe chimene chimafa. Ndidadziuza kuti ndithirira kwambiri, usungunuka. Chikondi chikasakanikirana ndi umbuli chimabala zoterezi.

Loweruka tidagonja 2-0. Pofika Lachiwiri udzu wa pamagolo onse awiri udapsa, mzere wachikasu wowongoka ngati wojambula ndi lula. Akuluakulu adayang'ana makamera, ndipo kuno kamera ili paliponse kupatula m'mimba mwa munthu. Adandiona ndikuwaza, adandiona nditagwada ndikukumba. Adatuma mlonda, adafukula kansanza kaja.

Mwenda adandipeza mosungira makina, nkhope itatuwa. "Mudala, iyi si nkhani ya udzu iyayi. Kuno zamankhwala ni mulandu wa polisi. Bazakumanga, bakakumasula ni ndeke, ndipo siuzabwelako futi." Apo n'kuti Theresa ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, nyumba ya amayi ili pa lenta yopanda denga.

Lachitatu m'mawa adandiitana mu ofesi. Padali mkulu woyendetsa timu, amene timamutcha mudiri, munthu wofatsa amene sadandilakwirepo, ndi wina wolemba. Patebulo padali kansanza kaja, singano ili pambali. Mudiri adandifunsa kuti, "Ichi n'chiyani, ndipo wakutuma ndani?"

Ine amene ndimadzitama kuti ndimanena chilungamo ngakhale pamaso pa mfumu, ndidangoyang'ana singano ija. Chitseko chidatseguka osagogoda. A Fintan adalowa akutsimphina, thukuta lili kamukamu, adakoka mpando n'kukhala pambali panga, osati kumbali ya mabwana.

"Ndidamutuma ndine," adatero.

Mudiri adati, "Kochi, chonde."

"Ndine. Anthu a mpira tili ndi timiyambo tathu topusa. Amayi anga ankawaza madzi odalitsa pansapato zanga masewera aliwonse. Nditagonja kasanu ndi kamodzi, mutu udasokonekera, ndidamuuza munthu uyu kuti achite. Iye akanakana bwanji, ine ndi bwana wake?"

Mudiri adadziwa kuti ndi bodza, achimwene, ndidaona m'maso mwake. Adati, "Habibi, mnzanga, mukudziwa chimene mukunena? Eni timu aona kale zithunzi. Nkhaniyi ingathere m'chipinda muno, koma wina ayenera kuchoka. Ngati ndinu, ndi lero, osati kutha kwa ligi."

"Ndamva. Koma uyu atsale. Palibe wina angadzutse udzu umenewo."

Apo ndidayenera kuimirira. Ndidayenera kunena kuti bodza, mzunguyu sadziwa kanthu, singano ndidagula ndekha. Mawu adafika pakhosi, a Fintan adandiponda phazi pansi pa tebulo ndi mwendo wawo wabwinowo, ndipo ine ndidakhala chete. Sindinganame kuti ndi phazilo lidanditseka pakamwa. Adali mantha. Ndidasaina kalata ya chenjezo, ndidatuluka ndi ntchito yanga, iwo adatuluka ndi katoni ya mabuku awo. Kachisanu kanu kaja n'kameneko. Pa foni adangolemba kuti asiyana ndi timu chifukwa cha zotsatira zosakhala bwino.

Lamulungu lake ndidakwera sitima ya metro mpaka ku Discovery Gardens kumene ankakhala. Ndidawapeza akulongedza. Ndidakonza mawu ambiri m'njira, koma nditafika ndidayamba ndi kukalipa, ndi mmene ndidabadwira.

"Mudanamiranji? Ndani adakupemphani? Mukadatsala mwina mukadapambana masewera otsalawo!"

"Mwina," adatero akumata katoni. "Khala pansi, ukundilepheretsa kuganiza."

"Sindikhala! Mwandisandutsa munthu wamantha."

Adasiya katoni. "Tamvera, Luckson. Ine ndachotsedwapo kanayi, njira yake ndimaidziwa ngati ya kuchimbudzi. Umalira sabata imodzi, kenako foni imalira. Ana anga ndi akuluakulu. Iwe ukachotsedwa kamodzi, anthu angati agone ndi njala?" Ndidawerenga m'mutu. Adati, "Ndiye khalasi. Koma ndikuuze, chimene udachita n'chopusa kwambiri mwa zonse zimene ndaona pa zaka makumi anayi za mpira, ndipo ndaona zambiri. Makilogalamu asanu! Unkafuna kuphika golo?"

Ndidaseka ndikulira, zonse pamodzi, bambo wamkulu ndevu pepeya. Ndipo pomwepo ndidawauza kuti mwana akadzakhala wamwamuna adzatenga dzina lawo. Ndidawafotokozera kuti kwathu dzina sitingotola, kuti mwana akatenga dzina lako ndiwe mbale, ukadzafika pakhomo sugogoda ngati mlendo. Adafiira kuposa kale. Kenako adati, "Mwana wosalakwa. Adzakhala wakumbuyo wosathamanga." Adandigwira dzanja ndi manja awiri, monga ndidawaphunzitsira.

Udzu ndidaudzutsa. Ndidachotsa dothi lonse lamchere ndi fosholo, ndidabzala wina, masabata asanu ndi awiri ndikuulera ngati khanda. Lero simungadziwe pamene padapsa. Timu sidatuluke m'ligi, kochi watsopano adatola zipatso za mnzake, ndipo mpaka lero sadziwa dzina langa. A Fintan ali kwawo, akuphunzitsa timu ya amayi m'tauni ya asodzi ija. Akuti amamvera kuposa amuna. Sabata iliyonse amanditumizira chithunzi cha bwalo lawo lamatope n'kufunsa kuti achite chiyani, ndipo ine, wa Sitandade 6, ndimawalangiza. Mwana atabadwa ndidawauza. Adayankha kuti, "Fintan wamng'ono ali bwanji? Ubatizo ukadzachitika unditumizire chithunzi, ndikachiike pambali pa cha adzukulu anga." Funso limenelo lakhala pa foni yanga masabata awiri, sindinayankhe. Ndiyankhe kuti chiyani? Ndidakhala chete kamodzi pamaso pa munthu ameneyu, ndipo adalipira ndi iye. Kachiwiri ayi.

Dzina la Abraham ndi labwino, sindikulinyoza, ndipo ndikudziwa kuti mudalisankha pofunira mwana zabwino. Likhale lachiwiri. Ngati nkhawa yanu ndi abambo mfumu, ndafunsa kale kutchalitchi kuno, Fintan ndi dzina la woyera wa ku Ireland, sakana. Ngati amayi lilime likuwavuta, anene kuti Fintani, mwini wake sangadandaule, kuno ankamutcha zoposa pamenepo.

Mundiperekere moni kwa amayi. Kalatayi muwawerengere yonse, ndi za mchere zomwe, musadumphe. Adziwe kuti malata amene akugona pansi pake lero adakhomedwa chifukwa mzungu wina wotsimphina adanama m'malo mwa mwana wawo. Moni kwa alamu anga a Edinah ndi ana onse. Theresa musamuwerengere, ndamulembera yakeyake, nkhani ngati iyi mkazi aimve kwa mwamuna wake. Mungomuuza kuti sindinamukwiyire, iye adangomvera akulu. Ndipo mwanayo, amene ndangomuona pa galasi la foni, amene sindikudziwa kulemera kwake m'manja, mumunyamule inuyo m'malo mwanga, mumuuze kuti bambo ake ndi munthu waukali ndi wopusa nthawi zina, koma woyamika.

Inunso ndimakuyamikani, achimwene, ngakhale sindinena kawirikawiri. Mudathamangira naye Theresa kuchipatala, mudagona pabenchi, zimene ndikadachita ine. N'chifukwa chake ndikufuna kuti mukonze ndinu, osati wina. Mabel akangokupatsani kalatayi, musadikire Lamulungu. Kwerani njinga, pitani kwa akatekisiti, muone ndi maso anu akufufuta n'kulemba Fintan kutsogolo. Mukachoka apo mupite kusikelo ndi buku lija. Pa 8 Juni, abambo mfumu akadzafunsa kuti mwanayu dzina lake ndani, ndikufuna liyankhidwe ndi pakamwa panu, mokweza, kuti a kubenchi yakumbuyo amve.

Ndine mng'ono wanu,
Luckson.